Kulemba mzere wa makolo kwa Mphuka

Mabanja ambiri a kwa Mphuka ku Thyolo amadziwa makolo awo pakamwa pokha. Nkhalamba ikamwalira, mayina amapita nayo kumanda. Koma pa mlandu wa munda kapena wa ufumu, komanso polembetsa malo motsatira lamulo la malo a makolo la 2016, mawu oti "agogo ankatero" amafunika mboni.

Mbiri ya derali ndiyo imatiuza kokafufuza. Kuyambira m'ma 1890, Alhomwe ambiri ankachoka ku Mozambique nadzakhala m'maesiteti a azungu, kumene ankalipira malo ndi ntchito ya thangata. Tiyi anayamba kulimidwa ku Thyolo mu 1908, ndipo thangata anathetsedwa mu 1962. Choncho dzina la kholo likhoza kupezeka pa chiphaso cha msonkho kapena m'kaundula wa ntchito. Wopita kosungira zolemba zakale za boma ku Zomba adziwe kuti atsamunda ankalemba "Cholo" osati Thyolo, ndipo Alhomwe ankawalemba kuti "Anguru", dzina lonyoza lomwe Lewis Bandawe ndi anzake analikana m'ma 1940.

Mapepalawa ali ndi msampha. Kalaliki ankalemba mwamuna wokhoma msonkho, pomwe kuno mbumba ndi munda zimatsata kuchikazi. Komanso mwana ankatenga dzina loyamba la bambo ake, kotero dzina lachiwiri linkasintha m'badwo uliwonse. Mayina kufanana si umboni wa ubale.

Polemba, yambani ndi funso limodzi: kodi mayi amene anayamba kulima munda uwu anabereka ndani? Yankho lanu libwere m'chiganizo choyamba, umboni utsatire. Pa mfundo iliyonse nenani amene anakuuzani, tsiku lake, ndiponso ngati anaona yekha kapena anamva kwa wina. Akatswiri a hadith monga Imam Bukhari, yemwe anamwalira mu 870, ankayesa nkhani poyang'ana mndandanda wa oifotokoza, ndipo njira yomweyo imathandiza pano.

Zaka zipezeni pa zochitika zodziwika. Wobadwa pa njala ya 1949 anali ndi zaka zinayi pa zipolowe za ku Thyolo za 1953. Ngati banja likuti iyeyo anamangidwa nawo pa zipolowezo, ndiye kuti nkhaniyo ndi ya bambo ake kapena amalume ake.

Mboni zikasemphana, lembani mbali zonse ziwiri, kenako fotokozani chifukwa chomwe mwakhulupirira imodzi. Anthu atatu amene onse anamva kwa gogo mmodzi ndi mboni imodzi basi. Chotsimikizika chilembeni kuti ndi chotsimikizika, chongoganizira chilembeni kuti "mwina".

Mukamaliza, kawerengereni mwini mbumba ndi azakhali onse ali pamodzi, asanasainire. Chimene angatsutse lero mukhoza kuchikonza iwo akadali moyo.