Nyengo za Uzimba m'Cigwa ca Luangwa

Munthu amene atsika m'cigwa ca Luangwa lero napeza kuti kupha nyama kuli ndi nyengo yace, angaganize kuti lamulo lotere linadza ndi Azungu. Koma si tero ai. Akunda, Abisa ndi Asenga anadziwa nyengo ya uzimba kalekale, cikalata ca laisensi cisanaoneke.

Masiku amakedzana mvula ndiyo inali kapitao wa nyama. Pa dzinja mtsinje unali kusefukira, udzu unali kubisa njati, ndipo amuna onse anali ndi makasu m'manja. Nthawi yomweyo nswala ndi njiri zinali kuyenda ndi ana ao ang'ono popanda wozipitikitsa. Dzinthu zitalowa m'nkhokwe, malimwe atafika, mfumu inali kuloleza kutentha chire, ndipo anthu anali kuturuka ndi mauta, mikondo, maukonde ndi agaru. Nyama zinali kusonkhana ku madziwe otsala, kotero mlenje sanali kubvutika pozifuna.

Ndiponso nyama zinali ndi mwini. Njobvu sinali kuphedwa ndi munthu wamba, koma ndi afundi odziwa mankhwala ndi miyambo yace. Njobvu ikagwa, mnyanga wokhudza pansi unali wa mfumu mwini dziko. Komabe tisanamizane kuti makolo athu analibe umbombo. Amalonda Aciluya, Acikunda ndi Apwitikizi a ku Tete atadza ndi nsaru, mikanda ndi mfuti za gogodela, njobvu zambiri zinagwa cifukwa ca minyanga. Pambuyo pace, m'zaka za 1890, mliri wa ng'ombe unapita m'dziko nupha njati, nchefu ndi nyama zina zosawerengeka.

Pamenepo Kampani ya British South Africa inatenga dziko, nimanga boma lace ku Fort Jameson, kumene lero tichula Chipata. M'caka ca 1904 anapatula malo kum'mawa kwa mtsinje kuti asunge nyamalikiti za mtundu wa Thornicroft, zimene sizipezeka kwina konse pa dziko lapansi. M'caka ca 1938 Boma linatseka nkhalango zitatu: North Luangwa, South Luangwa ndi Lukusuzi. Nyama zinayamba kucuruka, koma mitima ya anthu inawawa. Mphamvu imene inali m'manja mwa mfumu inapita ku ofesi, ndipo mlenje wolemekezeka pa mudzi anasanduka mbala pamaso pa lamulo. Njobvu ikatha munda wace usiku umodzi, mwini munda anayenera kudikira msilikari wa nyama.

Amene anaona njira yina ndiye Mfumu Yaikuru Nsefu ya Akunda. Atamva uphungu wa Bwana Norman Carr, wa nchito yosunga nyama, inapatula gawo la dziko lace, ndipo ca m'ma 1950 anamangamo msasa wa alendo odzaona nyama. Ndalama za alendowo zinali kulowa m'thumba la Akunda eni ace. Apa anthu anaona ndi maso kuti njati yamoyo ikhoza kulipira caka ndi caka, pamene yakufa idyedwa sabata imodzi. Gawo la Nsefu linalowa m'South Luangwa National Park m'caka ca 1972.

Phunziro limeneli linaiwalika msanga. M'caka ca 1973 owerenga nyama anapeza njobvu zoposa 80,000 m'cigwamo. Koma mtengo wa mkuwa unagwa, umphawi unakula, ndipo mtengo wa minyanga unakwera. Akuba a mfuti za nkhondo analowa, osasamala dzinja kapena malimwe, ndipo anthu a m'midzi, amene sanali kupindula kanthu ndi nyamazo, anangoyang'ana. Boma linaletsa kupha njobvu m'caka ca 1982, koma pofika 1990 zotsala sizinakwane ngakhale theka. Cipembere cakuda cinatheratu, ndipo m'caka ca 1998 kunalengezedwa kuti m'Zambia monse mulibe ndi cimodzi comwe. Akuru anati, “Ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.” M'caka ca 2003 tinacita kulandira zipembere zisanu zocokera ku South Africa, kuti mbeu yace iyambenso ku North Luangwa.

Lero m'madera ozungulira nkhalangozi, monga Lupande, alenje a laisensi aloledwa kupha nyama zowerengeka nthawi ya cilimwe, ndipo lamulo liti gawo la ndalamazo lipite kwa mafumu ndi anthu ao. Ndalamazo zikacedwa kufika, misampha ya waya icuruka m'chire.

Tsono inu owerenga, mbiri iyi itiphunzitsa kuti kalendala yokha siingasunge nyama. Nyengo yotseka isungidwa ndi munthu amene adziwa kuti nyama yotsala caka cino idzakhala yace ndi ya ana ace caka camawa. Makolo athu anatisiyira cipembere, ife tinacitaya. Tiyeni tisamale kuti adzukulu athu asadzamve za njobvu m'nthano zokha.