Ngongole ya Buledi Yomwe Inatsekera Banja la Dickens M'ndende

Pa 20 February 1824, a John Dickens anatsekeredwa m'ndende ya Marshalsea mumzinda wa London. Sanabe kapena kumenya munthu. Mlandu wawo unali ngongole ya mapaundi 40 ndi mashilingi 10 kwa James Kerr, wophika buledi. Bambowa sanali lova ayi. Anali kalaliki mu ofesi yolipira asilikali a pamadzi, ndipo malipiro awo anali abwino ndithu. Vuto linali lomwe ambiri timalidziwa bwino: zotuluka zinkaposa zolowa, ndiye amakongola uku ndi uku, kwa achibale ndi kwa eni masitolo, mpaka tsiku linakwana. Mwana wawo wachiwiri, Charles, yemwe anadzakhala mlembi wotchuka wa mabuku, anali atangokwanitsa zaka 12.

Masiku amenewo ku England wokongoza ankatha kukumangitsa, n'kukhala m'ndende mpaka utabweza kapena iye atakumvera chisoni. Ndende za angongole zinkayendetsedwa ngati bizinesi. Chipinda umalipira, chakudya umagula wekha, moti munthu amatha kulowa ndi ngongole imodzi n'kupanganso ina ali momwemo. Wopanda kalikonse ankaona zakuda. Mu 1729 komiti ya Nyumba ya Malamulo yotsogozedwa ndi James Oglethorpe inapeza kuti akaidi 300 a ku Marshalsea anafa ndi njala m'miyezi itatu yokha. Pofika nthawi ya a Dickens zinthu zinali zitasinthako, koma nzeru yake inali yomweyo. Tangoganizani: munthu walephera kubweza ali pa ufulu, ndiye mwamutsekera kuti ndalamazo azitenga kuti? Yankho lake aliyense ankalidziwa. Ndendeyo cholinga chake chinali kufinya abale, kuti mayi, mlamu kapena mnzake achite manyazi n'kupereka.

Ndipo ofinyidwawo anafinyikadi. Katundu wa m'nyumba anayamba kutha pang'onopang'ono, wina kugulitsidwa, wina kupinyolitsidwa, ndipo Charles ndi amene ankatumidwa kukagulitsa mabuku a bambo ake. Sukulu anali atasiya kale. Anamupezera ntchito pa fakitale ya polishi wa nsapato ya Warren's Blacking, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, komwe ankamata mapepala pa timabotolo tsiku lonse n'kumalandira mashilingi 6 pa sabata. Lendi itavuta, mayi ake a Elizabeth anatenga ana aang'ono n'kusamukira m'ndende momwemo, m'chipinda cha amuna awo. Izi zinali zololedwa, ndipo mabanja ambiri ankatero. Charles anatsala kunja, akugona kwa eni. Lamlungu iye ndi mlongo wake Fanny ankapita kukaswera kundende. Ngongole anatenga ndi bambo, koma amene anailipira ndi ubwana wake anali mwana.

Khomo lotulukira linalipo, kungoti silinali lofanana kwa onse. Lamulo la bankruptcy, lomwe limalola kuti munthu wolephereratu kubweza apereke zonse zomwe ali nazo, okongoza agawane, zotsalazo zifafanizidwe, linayamba kukhululuka ngongole mu 1705, nthawi ya Mfumukazi Anne. Lamulo lomwelo linkapereka chilango cha imfa kwa wobisa katundu mwachinyengo. Koma mwayiwu unali wa amalonda okha. Aphungu ankaona kuti wamalonda akhoza kugwa chifukwa sitima yamira kapena msika wasokonekera, pomwe kalaliki kapena mmisiri akalowa m'ngongole ndiye kuti ndi kusasamala basi. Eti wamalonda wa ngongole ya mapaundi masauzande ankatha kuyambiranso moyo, wa ngongole ya buledi akuwola m'ndende.

A John Dickens anadzera khomo laling'ono, lamulo la Insolvent Debtors Act. Munthu amalemba ngongole zake zonse, amaulula katundu yense, ndipo banja limaloledwa kutsala ndi zovala ndi tizinthu tosapitirira mapaundi 20. Ngakhale Charles anayenera kukaonekera kwa wowerengera mitengo kuti zovala zomwe wavala ziikidwe mtengo. Pa 28 May 1824 bambowa anatuluka, atakhalamo miyezi itatu. Lamuloli linkamasula thupi lokha, chifukwa chuma chomwe munthu angadzapeze m'tsogolo okongoza ankatha kuchilondola. Mayi awo a John anali atamwalira mu April chaka chomwecho n'kuwasiyira mapaundi 450, ndipo ndalamazi zinathandiza kubweza ngongole.

Pakhomo nkhaniyi sinathere pomwepo. Bambo atatuluka, Charles anapitirizabe ku fakitale kwa kanthawi, ndipo pamene ankachotsedwako mayi ake ankafuna abwerere. Zimenezi sanaziiwale moyo wake wonse. Anazibisa kwambiri moti anthu anadzazidziwa iye atamwalira kale mu 1870, pamene mnzake John Forster analemba mbiri ya moyo wake. Pakamwa anatseka, koma cholembera chinaulula. Mu The Pickwick Papers muli ndende ya angongole ya Fleet. Mu David Copperfield muli a Micawber, bambo wansangala wosatha ngongole, yemwe anatengera a John. Little Dorrit, lomwe linatuluka kuyambira 1855 mpaka 1857, ndi nkhani ya mtsikana wobadwira m'ndende ya Marshalsea momwemo.

Nanga a John anasintha? Ayi ndithu. Mu 1834 anagwidwanso chifukwa cha ngongole, ndipo anakawaombola ndi Charles. Mwanayo atatchuka, bambo anayamba kukongola pogwiritsa ntchito dzina lake, mpaka mu 1841 Charles analengeza m'nyuzipepala kuti sadzalipira ngongole yomwe sanatenge yekha. Apa nkhaniyi imatiuza zinthu ziwiri. Ndende sinawaphunzitse a John kalikonse, komanso kumasulidwa ndi khothi sikunachize chizolowezi chawo.

Lamulo linasintha mochedwa. Marshalsea inatsekedwa mu 1842. Mu 1861 bankruptcy inatsegulidwa kwa aliyense, wamalonda ndi wosachita malonda yemwe. Mu 1869 lamulo la Debtors Act linathetsa kumanga munthu chifukwa chongolephera kubweza, ngakhale yemwe ali nazo koma akukana dala ankatha kutsekeredwa mpaka masabata 6. Zinatenga zaka zoposa 160 kuchokera mu 1705 kuti dziko livomereze kusiyana kwa wolephera ndi wakuba. Ife nkhaniyi ikutikhudza chifukwa mu 1902 malamulo a ku England anayamba kugwira ntchito kuno, ndipo malamulo athu a ngongole anachokera kumeneko. Lero tili ndi Insolvency Act ya 2016, yomwe imakhudzanso munthu payekha, osati makampani okha.

Komabe nzeru ya Marshalsea sinafe, inangosintha zovala. Wakatapila akakulanda khadi la ATM, akayamba kuimbira abale ako, akaopseza kuti akuyalutsa pa WhatsApp, akuchita zomwe ankachita okongoza a 1824: kufinya anthu okuzungulira kudzera m'manyazi. Ndipo manyazi ndi amene amapangitsa munthu kutenga ngongole yachitatu kuti abise yoyamba. Amati mlandu suwola, ndipo ngongole yobisidwa imachita kubereka kumene.

Chomwe chinatulutsa a John m'ndende chinali chinthu chosasangalatsa koma chophweka: kulemba pa pepala aliyense amene ali naye ngongole, ndalama zake, ndi katundu yemwe watsala, kenako kuonetsa pepalalo kwa ena. Sitepe imeneyi siyofunika kudikira khothi. Amene madzi afika m'khosi akhoza kuyamba pomwepo usiku uno, n'kukambirana ndi okongoza komanso a pakhomo pake fizi ya mwana isanadyedwe. Ku Southwark, pomwe panali Marshalsea, lero patsala khoma limodzi la njerwa, m'mbali mwa kanjira kotchedwa Angel Place. Anthu amapita kukaliona chifukwa cha mwana wa zaka 12 yemwe sanakongole ngakhale shilingi imodzi.