Mndandanda wa makosi a pa yunivesite nawonso ndi mbiri

Mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite akatuluka, zochitika kumudzi zimakhala zomwezomwezo. Wosankhidwa ku zaudokotala amamulululutira. Wa mbiri yakale ndi zilankhulo amamufunsa kuti, "Nanga udzadya chiyani?" Wa zamasewera amangomuseka: "Mpira mpaka digiri?" Ine ndili m'gulu lachiwirilo, ndipo amalume andifunsapo funsolo kangapo. Ofunsawa amaona ngati makosi ena anabadwa olemekezeka pomwe ena anabadwa onyozeka. Mbiri ya mayunivesite athu ikusonyeza kuti kosi iliyonse inalowa pamndandanda chifukwa wina amene anali ndi mphamvu anaifuna.

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, chaka chomwe tinalandira ufulu, ndipo maphunziro anayamba mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Azungu amene ankagwira ntchito m'boma anali akuchoka, choncho makoleji oyambirira anayankha vuto la nthawiyo. Ku Bunda kunali zaulimi, ku Polytechnic zaumisiri ndi zamalonda, ku Soche Hill zauphunzitsi, ndipo ku Mpemba kunali za kayendetsedwe ka boma. Sayansi ndi maphunziro a za umunthu, monga mbiri ndi zilankhulo, zinali ku Chancellor College, yomwe inasamukira ku Zomba mu 1973.

Taonani zimene zinachedwa ndi zimene zinafulumira. Dr. Hastings Kamuzu Banda anali dokotala, komabe College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, patapita zaka 27 chilandirireni ufulu. Nthawi yonseyo madokotala athu ankaphunzira kunja. Koma Chilatini ndi Chigiriki, zomwe iye ankazikonda kwambiri, zinapeza malo msanga. Kamuzu Academy inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, ndipo m'zaka zomwezo Chancellor College inayamba kuphunzitsa za Agiriki ndi Aroma akale. Chichewa nachonso chinakula pa yunivesite chifukwa chipani cha MCP chinachisankha kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968.

Amene amati maphunziro a zolembalemba alibe ntchito ayenera kufotokoza chifukwa chimene boma la chipani chimodzi linkawaopera. Nkhani za ndale sizinkakambidwa momasuka m'kalasi. Jack Mapanje, mlakatuli komanso mphunzitsi wa pa Chancellor College, anamangidwa mu 1987 n'kukakhala kundende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Boma silitsekera munthu zaka pafupifupi zinayi chifukwa cha phunziro lopanda pake.

Masewera ndiwo anadikira nthawi yaitali kuposa onse. Kusukulu tinakula tikuwaona ngati chochita cha masana tikaweruka, osati chinthu chochiwerengera mabuku. M'mayiko ena anaganiza mosiyana kalekale. Ku Germany, mumzinda wa Cologne, muli yunivesite ya zamasewera zokhazokha yomwe inayamba mu 1947. Kwathu kuno, yunivesite ya MUST, yomwe inatsegulidwa mu 2014 ku Ndata m'boma la Thyolo, ili ndi digiri ya sayansi ya zamasewera. Chochititsa chidwi n'chakuti kosiyi ili m'sukulu ya zachikhalidwe yotchedwa dzina la Bingu wa Mutharika, pamodzi ndi maphunziro a nyimbo za mu Africa, mkati mwa yunivesite ya sayansi. Wophunzira wake amafunika kudziwa mmene minofu ndi mtima zimagwirira ntchito, zakudya zoyenera, komanso maganizo a munthu amene wavulala ndipo akuopa kubwerera m'bwalo. Kodi ameneyu timuika mbali iti, ya sayansi kapena ya umunthu?

Mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa, ndipo Polytechnic inasanduka MUBAS, pomwe College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinapanga KUHeS. Lero akuluakulu amalimbikitsa sayansi ndi luso lamakono, ndipo sindikutsutsa: dziko likusowa madokotala ndi mainjiniya. Nkhawa yanga ndi yakuti ndalama zikachepa, kosi yoyamba kudulidwa idzakhala imene anthu amaiseka kale. Mndandandawu unalembedwa ndi anthu, ndipo udzalembedwanso. Tsikulo likadzafika, ife ophunzira tidzafunse kuti wasankha ndani, ndipo wafunsa yani. Tchuthi chikubwerachi amalume akadzandifunsanso, ndidzayambira pa 1965.