MATSIRIRO A MTSINJE WA ZAMBEZI

Anthu okhala m'mzinda wa Livingstone adziwa bwino mtsinje wa Zambezi. Amamwa madzi ace, ndipo usiku amamva mkokomo wa mathithi a Mosi-oa-Tunya, pamene madziwo agwera m'phompho lakuya mapazi 355. Koma ali owerengeka amene adziwa kumene madzi amenewa atsirizira ulendo wao. Mtsinjewu ucokera ku Kalene, kumpoto kwa Mwinilunga, nuyenda mailosi ngati 1,600 kufikira ku nyanja yaikuru ya India m'dziko la Mozambique; ndipo Livingstone ali pafupi pakati pa ulendowo. Kumatsiriro kulibe mwala kapena phiri. Kuli dziko lacidikha la matope, la bango ndi la mcere, ndipo mbiri yace ikhudza anthu a ku Livingstone ndi a ku migodi koposa umo ambiri aganizira.

Maonekedwe a Dzikolo

Pofika pa Mopeia, Zambezi ayamba kugawikana. Madzi amene anayenda m'njira imodzi alowa m'mifuleni yambiri, ndipo mifuleniyo ikafika ku nyanja pa makomo angapo, monga Chinde, Luabo ndi Kongone. Kumeneko madzi a m'nyanja amakwera ndi kuphwa kawiri tsiku liri lonse, nthawi zina mapazi oposa 10. Pokwera amakankha madzi a mtsinje kubwerera kumtunda. Pophwa amasiya matope akuda onunkha, amene munthu akapondapo atitimira kufikira m'maondo.

M'matope amenewa mumamera mitengo imene Aswahili aicha mikoko, Azungu mangrove. Mtengo wina uli wonse ukathiridwa madzi amcere ufota, koma mkoko ukondwera nao. Mtundu wina uli ndi mizu yoturuka pamwamba ngati zisonga zikwizikwi, ndiyo yopumira mpweya, popeza m'matope mulibe mpweya. Ndipo mcere umene mtengowo wamwa umaturukira pa masamba. Mtundu wina uimirira pa mizu yonga miyendo, ndipo mbeu yace imayamba kumera ikali pa nthambi. Ikagwa imazikika m'matope ngati mkondo, kapena imayandama kufikira itapeza pokhala.

Madzi akaphwa, matope onse amadzala ndi zamoyo. Nkhanu zing'onozing'ono zimaturuka m'mauna, zamphongo zace ziri ndi dzanja limodzi lalikuru limene zimakupiza mosalekeza. Kuli kansomba ka maso otong'oka kamene kamasiya madzi ndi kulumphalumpha pa matope, kamakweranso pa mizu. Akakowa amasaka pamenepo, nkhwazi iri kulira pamwamba, ndi ng'ona iri kuothera dzuwa pa gombe. Mbalame zina zimene zimadya pa matopewa nyengo ya dzinja zicokera kutali ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo zibwerera kwao kukaikira mazira.

Kuseri kwa mikoko kuli mabwalo oyera mbee, kumene madzi a m'nyanja afika kamodzikamodzi, naphwa ndi dzuwa, nasiya mcere pa dothi. Pamenepo pamamera timaudzu tatifupi ndi tizitsamba ta masamba onenepa basi. Kupitirira apo ndiko kuyamba madambo a madzi ozuna, a gumbwa ndi bango ndi udzu wautali, ndi migwalangwa iri imodziimodzi pa zitunda. Madambo a kumwera kwa mtsinje, ku Marromeu, ndiwo mudzi wa njati, pamodzi ndi mvuu, njobvu, mphoyo ndi nyama zina zokonda madzi.

Cimene cinasunga dongosolo lonseli ndi cigumula ca caka ndi caka. Madzi a mvula ocokera ku Barotseland, ku Kafue, ku Luangwa ndi ku Shire anali kusefukira m'madambo, natsuka mcere, nasiya dothi latsopano. Pophwa madziwo udzu wanthete unamera, njati zinanenepa, nsomba zinaswana, ndi anthu anabzala mpunga ndi cimanga pa nthaka yonyowa.

Alendo a pa Mtsinje

David Livingstone anaona mathithi m'mwezi wa November 1855, ali ndi Amakololo oposa 100 amene mfumu Sekeletu inampatsa. Anatsika ndi mtsinje, nasiya anthu ace ambiri pa Tete, nafika ku Quelimane pa 20 May 1856. Iye anakhulupirira kuti Zambezi adzakhala mseu wa madzi wolowera pakati pa Africa.

M'mwezi wa May 1858 anabwerera ndi sitima, pamodzi ndi Dr. John Kirk, katswiri wa zomera. Anasokera masiku angapo m'mifuleni ya mikoko asanapeze khomo la Kongone. Kasitima kao ka Ma Robert kanakwera kufikira Tete, koma kanalephera pa mathithi a Kebrabasa, amene lero achedwa Cahora Bassa. Kulephera kumeneku ndiko kunatembenuzira Livingstone ku mtsinje wa Shire m'caka ca 1859, nafika ku nyanja ya Nyasa m'mwezi wa September. Ena mwa Amakololo amene anayenda ndi Livingstone sanabwerere kwao. Anakhazikika m'cigwa ca Shire, nasanduka mafumu pakati pa Amang'anja.

Madambo sanalandire alendo mwaulere. Udzudzu unali wosawerengeka, ndipo masiku amenewo anthu anali asanadziwe kuti ndiwo upereka malungo. Anayesa kuti nthendayo icokera ku mpweya woipa wa matope. Mary, mkazi wa Livingstone, anafika pa matsiriro m'mwezi wa January 1862, namwalira ndi malungo pa Shupanga pa 27 April, naikidwa pansi pa mlambe.

M'caka ca 1889 Daniel Rankin anadziwitsa Angelezi kuti khomo la Chinde liri ndi madzi okwanira sitima zocokera ku nyanja. Pa pangano la 1891 Apwitikizi analola kuti sitima za mitundu yonse ziyende pa Zambezi, nabwereketsa Angelezi kadziko pa Chinde kotsitsirapo katundu. Zaka 30 zotsatira, Chinde anali khomo la Nyasaland ndi la Fort Jameson. Nsaru, mcere, makasu ndi makalata zinakwera ndi sitima za African Lakes Corporation ndi za makampani ena. Minyanga, khofi, thonje ndi fodya zinatsika. Koma doko linamangidwa pa mcenga, ndipo mtsinje unali kudya gombe lace caka ndi caka. Namondwe wa m'mwezi wa February 1922 anagwetsa nyumba namiza sitima zambiri. Caka comweco njanji yocokera ku Beira inafika pa Zambezi, ndipo m'caka ca 1923 Angelezi anasiya malo ao. Mlatho wa Dona Ana, umene unatsegulidwa m'caka ca 1935, unatsiriza nchito ya sitima za ku Nyasaland.

Makoma Awiri

Kusintha koyamba kwa madambo kunadza ndi nzimbe. Kampani ya Sena Sugar Estates inali ndi minda ndi makina pa Marromeu ndi pa Luabo, ndipo pofuna kuteteza mindayo anamanga mithumbira yaitali m'mbali mwa mtsinje. Mithumbira imeneyi, pamodzi ndi ya njanji ndi miseu, inatseka mifuleni ina imene inali kutengera cigumula ku madambo.

Kusintha kwakukuru kunacokera kumtunda. Migodi ya mkuwa inasowa mphamvu, cifukwa njanji sinathe kubweretsa malasha okwanira kucokera ku Wankie, kotero kuti nkhalango zambiri za ku Copperbelt zinadulidwa kukhala nkhuni. Cifukwa cace khoma la Kariba, lotalika mapazi 420, linayamba kumangidwa m'caka ca 1955, ndipo mtsinje unatsekedwa m'mwezi wa December 1958. Atonga ngati 57,000 anasamutsidwa m'cigwa ca makolo ao. Kuciyambi kwa 1960 magetsi a Kariba anafika ku migodi. Khoma laciwiri, la Cahora Bassa, linatseka mtsinje kumapeto kwa 1974.

Makina a magetsi afuna madzi oyenda mofanana caka conse. Tsono makoma amasunga madzi a dzinja ndi kuwaturutsa pang'onopang'ono, kotero kuti kumatsiriro mtsinje sudzala monga kale pa dzinja, suphwanso monga kale pa malimwe. Dothi limene unali kunyamula limatsala pansi pa nyanja za makomawo. Zotsatira zace zinaoneka msanga. Madambo ambiri anauma, ndipo moto ndi alenje zinalowa kumene kale sikunali kupitika. Madzi amcere anakwera patali m'mifuleni. Mbalame zazitali zimene Azungu azicha wattled crane, zimene zimamanga zisa potsata cigumula, zinayamba kulephera kuswana. Ngakhale asodzi a m'nyanja anamva kuwawa. Tinkhanu timene Apwitikizi aticha camarão, timene kale tinali cuma cacikuru ca Mozambique, timakulira pakati pa mizu ya mikoko. Ndipo akatswiri anaonetsa kuti timagwidwa tambiri pa zaka zimene mtsinje wasefukira bwino, tocepa pa zaka zimene madzi amangidwa.

Cigumula cikasowa zaka zambiri anthu amaiwala, namanga nyumba pa malo otsika. Ndico cifukwa cace madzi a 1978 ndi a 2001, amene makoma sanathe kuwasunga, anaononga midzi yambiri.

Nkhondo ya m'Mozambique, kuyambira 1977 kufikira 1992, inaonjezera tsoka. Njati za ku Marromeu zinali zoposa 40,000 nkhondo isanakule; itatha, zinatsala zosakwana 5,000. Mvuu ndi njobvu zinaphedwa momwemonso.

Masiku a Mtendere

Mtendere utabwera, nyama zinayamba kuculukanso, pakuti pakati pa madambo panatsala malo amene mlenje sakanatha kufikapo. M'caka ca 2004 Marromeu analembedwa pa pangano la Ramsar, loteteza madambo ofunika a dziko lonse lapansi, ndipo anali malo oyamba a Mozambique kulembedwa cotero. M'caka ca 2018 mikango 24 inabwezedwa m'thengo la kumeneko. Akatswiri akhala akupempha oyang'anira makoma kuti aturutse madzi ambiri masabata owerengeka pa dzinja liri lonse, kuti madambo alandire cigumula ngakhale cacing'ono. Mlandu wace ngwolimba, cifukwa madzi oturutsidwa cotero sapanga magetsi, ndipo maiko atatu adalira makomawo.

Kumtunda kwa mathithi kulibe khoma lotseka Zambezi. Cigumula cimene cimasamutsa Litunga pa Kuomboka cimafika ku Livingstone monga cinali kufikira masiku a Sekeletu, ndipo m'miyezi ya March ndi April utsi wa mathithi umaoneka patali. Koma cigumula cimeneco cimathera m'nyanja ya Kariba. Mphamvu yace imakwera ndi waya kunka ku Kitwe, ku Mufulira ndi ku Chingola, kukapopa madzi m'migodi ndi kukweza anthu ocokera pansi; ndipo mtengo wace aulipira, pamodzi ndi Atonga, ndi msodzi wa ku Chinde ndi mlimi wa mpunga wa ku Marromeu.