Railways, Mudzi wa Anchito a Njanji ku Kabwe

M'caka ca 1902 T. G. Davey anapeza miyala ya mtobvu m'dziko la Alenje, napatsa malowo dzina lakuti Broken Hill, potengera mgodi wina wa ku Australia. M'caka ca 1906 njanji yocokera ku Livingstone inafika pa mgodipo, ndipo pambali pace anamanga nyumba za anchito ace. Ici ndico ciyambi ca Railways.

Poyamba mudziwu unali wogawika pawiri. Azungu oyendetsa sitima anakhala m'nyumba zazikuru. Mmodzi wa iwo, Roy Welensky, anadzakhala Nduna Yaikuru ya Citaganya mu 1956. Koma anthu akuda, osenza malasha ndi akatundu, anapanikizana m'komboni, osaloledwa kuyendetsa sitima ngakhale anaidziwa bwino. Cifukwa ca madandaulo otere bungwe lao linalimba, mtsogoleri wace Dixon Konkola.

Ufulu utadza mu 1964, tauni inalandira dzina lakuti Kabwe. Mu 1967 Zambia Railways inabadwa, likulu lace pomwepo, ndipo ana a m'komboni muja anayendetsa sitima zimene atate ao anangozithirira malasha. Mgodi unatsekedwa mu 1994, masitima nawo anacepa, koma mudzi wa Railways ulipobe.