KOMBE: ULEMBE WA ALENJE UMENE UNASANDUKA MANKHWALA A MTIMA

 Lero tikambirane mbiri ya kombe, comera coyanga m'mitengo cimene cimakonda malo otentha monga cigwa ca Shire. Nkhani yace inadzera konkuno kwathu.

Kale alenje a Cimang'anja anali kusinja mbeu za kombe ndi kupaka ulembe wace pa mibvi. Nyama ikalasidwa, mtima wace unali kuima. Iwo anali kudula ndi kutaya mnofu wa pabala, nadya nyama yotsalayo osaopa kanthu. Nzeru imeneyi sanaiphunzire ku sukulu ai.

M'caka ca 1859 Dr. David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire pamodzi ndi Dr. John Kirk, amene anali dotolo ndiponso wodziwa zomera. Kirk anafunitsitsa kudziwa ulembe umenewu, nasunga kombe wina m'thumba lace. Tsiku lina anatsuka mano ndi mswaci umene unakhala m'thumba lomwelo. Anamva kuwawa m'kamwa, ndipo pambuyo pace anaona kuti mtima wace uli kugunda pang'onopang'ono. Apa anaganiza kuti cimene cipha nyama cingathe kuthandiza munthu wodwala mtima.

Mu 1861 Bishopu Mackenzie anamanga mishoni pa Magomero, m'boma lathu lino, ndipo caka cotsatira mishoniyo inasamukira ku mudzi wa Mfumu Cibisa, kufupi ndi Cikwawa. Mmodzi wa anthu a mishoniyo, Horace Waller, anali pakati pa amene anafikitsa kombe ku Ulaya.

Kumeneko nchito inatenga nthawi yaitali. Dr. Thomas Fraser wa ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, anayesa kombe pa acule ndi nyama zina, nalemba zoyamba zimene anaona mu 1870. Kenaka anapatula m'mbeumo mphamvu yeniyeni yogwira mtima, imene inachedwa strophanthin. Mu 1885 anauza madotolo anzace kuti timadontho towerengeka timalimbitsa mtima wofoka. Muone apa, abale anga: kucokera pa mswaci wa Kirk kufikira tsiku limeneli panapita zaka zoposa 20.

Posacedwa kampani ya Burroughs Wellcome ya ku London inayamba kugulitsa mankhwalawo m'mabotolo. Mbeu zinali kucokera kwathu. John Buchanan wa ku Zomba anali kutumiza, ndiponso kampani ya Mandala. Anthu a m'midzi anali kuchola mbeu ndi kulandira mtengo wa mbeu zokhazo. Phindu lalikuru linatsala kutsidya kwa nyanja, ndipo dzina la mlenje aliyense silinalembedwe pabotolo. Masiku ano madotolo sagwiritsanso nchito strophanthin kawirikawiri, popeza anapezeka mankhwala ena osabvuta kuyesa muyeso wace.

Tsono tiphunzirapo ciani?

Coyamba, cimene cisiyanitsa mankhwala ndi ulembe ndico muyeso. Kombe ndi wakupha, munthu asayese kumwa. Ngakhale mizu imene muizolowera, musaipatse mwana kapena mai wapakati mongoganizira. Pitani naye ku cipatala, ndipo muwauze a dotolo cimene wodwalayo wamwa kale.

Caciwiri, nzeru za makolo ndi cuma. Mu 2010 maiko anapangana ku Nagoya, m'dziko la Japan, kuti wofuna zomera ndi nzeru za eni dziko ayambe wapempha, ndi kuti phindu ligawidwe. Dziko la Malawi linabvomera panganolo. Cifukwa cace inu mafumu, mlendo akafika kudzafunsa za mitengo ya mankhwala, mumlandire bwino, koma ayambe waonetsa kalata ya cilolezo ya Boma, ndipo mudziwitse mlangizi wanu.

Cacitatu, mtengo umene watha sungayesedwenso. Ku Ciradzulu kuno anthu tacuruka ndipo minda yafika m'mphepete mwa phiri. Posenda khungwa musazungulize tsinde lonse. Pokumba mizu tengani ya mbali imodzi ndi kukwiriranso dothi. Sungani nkhalango za kumanda, ndipo letsani moto wolusa. Ana akhale pansi ndi agogo ao, alembe maina a mitengo ndi nchito zace, pakuti mau a akuru akoma akagonera.