Mau a Chongo, udzu wa Chikwakwa

Mukadutsa pa Lusaka Playhouse, pamene Church Road ikumana ndi Nasser Road, mungaganize kuti mbili ya masewelo m'Zambia inayambila pamenepo. Nyumbayo inamangidwa m'zaka za m'ma 1950, ndipo anaimanga azungu kuti azionelamo masewelo a kwao ku Britain. Zinali cimodzimodzi ku Lowenthal ku Ndola, ku Venus ku Kabwe ndi ku Little Theatre ku Kitwe. Ngakhale ufulu utabwela mu 1964, makalabu amenewa anacedwa kusintha. Munthu wakuda wofuna kucita sewelo m'cinenelo cake anafunika kupeza khomo lina, ndipo makomo amene anapezeka anali awili: wailesi ndi bwalo la panja.

Wailesi ndiyo inayamba. Siteshoni ya mu Lusaka inatsegulidwa mu 1941, nkhondo ili mkati, koma anthu wamba analibe pomvela. Zinthu zinasintha mu 1949 pamene kampani ya Ever Ready inatulutsa kawailesi kochipa ka mabatile, kooneka ngati poto, kamene anthu anakacha Saucepan Special. Mtengo wake unali mapaundi 5. Kucokela apo mau a munthu anakhala nchito. Alick Nkhata anali kuulutsa ndi kuimba, ndipo Andreya Masiye, amene pambuyo pake analemba sewelo la The Lands of Kazembe, anadziwika coyamba ndi mau ake pa wailesi.

Kwa ife olankhula Cinyanja, dzina lalikulu ndi Julius Chongo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'ma 1970, pulogilamu yake ya Poceza M'madzulo inali kusonkhanitsa mabanja pa wailesi imodzi. Ambili amawacha wokamba nthano, koma ife amene timakhala kutsogolo kwa maikolofoni tiona kuti mau amenewo acepa. A Chongo anali wocita sewelo weniweni. Munthu mmodzi yemweyo anali kukhala mfumu, nkhalamba, mtsikana wamanyazi, kalulu ndi fisi, kusintha mau pakati pa mpweya umodzi popanda womvela kusokonezeka kuti akamba ndani. Cimene kamela imacita lelo, iwo anali kucita ndi tumau twa Cinyanja tomwe timajambula cinthu m'khutu: munthu kugwa kuti khu, citseko kuti gwa, m'nyumba kuti zii. Ngakhale buku lao ali nalo dzina lotelo, Fumbi Khoboo! Yesani kuwelenga malonda a sopo a masekondi 30 ndi mau a anthu awili, mudzamva thukuta lake. Iwo anali kunyamula nkhani yathunthu.

Cimene citiwawa ndi cakuti wacicepele wa lelo sangangotsegula foni ndi kuwamva mosavuta. Zambili zimene tingazipeze zili papepala, cifukwa Ernst Wendland anamvetsela matepi, nalemba nkhanizo ndi kuzimasulila m'Cingelezi m'buku limene linatuluka mu 2004. Ndi nchito yoyamikika, koma mau a pa wailesi akaikidwa papepala amakhala ngati ng'oma yojambulidwa pa cithunzi.

Khomo laciwili linatsegulidwa ndi ana a sukulu a pa UNZA pamodzi ndi aphunzitsi ao, maka-maka Michael Etherton. Iwo anamanga bwalo la panja lopanda denga, nalicha Chikwakwa, dzina la cida cochetela udzu. Mu 1971 boma linapitikitsa Etherton m'dziko pambuyo pa cipolowe ca ana a sukulu. Koma nchito siinaime. Pa holide magulu anali kukwela magalimoto kupita m'zigawo, kuphunzitsa acinyamata a kumeneko ndi kucita masewelo m'zinenelo zao, pa sukulu kapena pansi pa mtengo. Kabwe Kasoma analemba Black Mamba, yokamba za Kenneth Kaunda ndi nkhondo ya ufulu. Masautso Phiri ndi gulu la Tikwiza anaonetsa Soweto. Dickson Mwansa analemba The Cell. Mu 1975 magulu otele anapanga bungwe lao, ZANTAA, kuti asadalile la makalabu akale.

Manje onani cinthu cimodzi pa maina onsewa. Pafupi-fupi aliyense anali ndi nchito ina yomudyetsa. Mwansa anali mphunzitsi pa yunivesiti, ndipo pambuyo pake anayambitsa Zambian Open University. Stephen Chifunyise, amene anakulila m'masewelo a pa UNZA, anabwelela kwao ku Zimbabwe nakhala mkulu m'boma. Sewelo linali la madzulo ndi pa Ciwelu. M'zaka za m'ma 1990, pamene matenda a Edzi anavuta, ndalama zinayamba kuoneka, koma zinali za mabungwe othandiza, ndipo mwini ndalama ndiye anali kusankha nkhani. Magulu ambili a m'makomboni anaphunzila kuimba ng'oma pa msika, kuseketsa anthu mphindi 20, ndi kutsiliza ndi uthenga wa makondomu. Ena a iwo anali akatswili, koma pulojekiti ikatha, gulu nalo linali kutha.

Mawailesi a anthu wamba atayamba, Radio Phoenix mu 1996 ndi Breeze FM ku Chipata mu 2003, wocita masewelo anabwelelanso ku maikolofoni. Lelo ambili amene timawadziwa amalipila lendi ndi mau a malonda, zilengezo ndi tumasewelo twa zaumoyo, osati ndi siteji. Vuto lake tonse tilidziwa: ulipidwa kamodzi, nthawi zambili popanda pepala losaina, ndipo mau ako alila miyezi pa masiteshoni angapo. Pamene Supa Team 4 ya Malenga Mulendema inatuluka pa Netflix mu 2023, katuni yocitikila mu Lusaka, maina a eni mau analembedwa kumapeto kwa gawo lililonse. Pa malonda a m'Cinyanja amene timaulutsa tsiku ndi tsiku, ngakhale ife a mu situdiyo nthawi zina sitidziwa kuti mayi uja wokangana ndi mwamuna wake pa nkhani ya feteleza ndani.